Andithamangitsa ku chitengwa, ana awiri andikaniza

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 31. Kwathu ndi ku Santhe koma ndinakwatiwa cha ku Chamama. Chinkhoswe chathu chinachitika mu 2016, ndipo chaka chomwecho akuchimuna anapereka chiongo n'kunditenga kukakhala kwawo. Ukwati sitinakadalitse ku tchalitchi, kwa DC sitinapitenso. Tili ndi ana atatu: wamkazi wa zaka 8, wamwamuna wa zaka 5, ndi wina yemwe akadali pabere.

Zaka zonsezi takhala tikulima fodya ndi soya limodzi. Kuthirira nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, ponsepo manja anga analipo. Ndalama za fodyazo tinamangira nyumba ya njerwa zootcha ya malata, tinagula ngolo ndi ng'ombe ziwiri, kenako njinga yamoto. Chaka chatha atagulitsa fodya ku Chinkhoma bambowa anasowa pakhomo masabata atatu, ndipo pobwera anabwera ndi mkazi wina. Nditafunsa anandimenya ana akuona. Tsiku lina pochokera kudimba ndinapeza zovala zanga zili pakhonde m'thumba la feteleza, chitseko atakhoma. Ndinabwerera kwathu ndi wamng'onoyu kumbuyo. Akuluakulu awiriwo apongozi anandikaniza, ati poti chiongo chinaperekedwa, ana ndi a pamudzi pawo.

Ankhoswe anayesetsa. Kawiri konse a kuchimuna sanabwere. Kachitatu anabwera, bambowa n'kulonjeza kuti azinditumizira K30,000 pamwezi ndi chimanga, ndipo ana azibwera pa holide. Anatumiza kamodzi kokha, ana sindinawaonepo. Kwa amfumu anatibweza, ati nkhaniyi ndi ya ankhoswe. Pano ndikumva kuti mwana wanga wamkazi akumajomba kusukulu, ndiye akutunga madzi ndi kutsuka mbale za pakhomopo.

Anthu akundiuza kuti kukhoti sangandimvere poti ukwati wathu ulibe setifiketi, komanso kuti popanda loya ndingakangotaya ndalama za thiransipoti. Ine ndalama ya loya ndilibe, ndikudya kwa amayi anga. Nditani kuti ana anga abwere?

Mayi wosowa mtendere,
Santhe

Mayi, pepani kwambiri. Kalata yanu ndaiwerenga mtima ukuwawa, makamaka pomwe mwanena za mwana wa zaka 8 amene akusiya kalasi chifukwa cha mbale za anthu akuluakulu.

Amene akukuuzani za setifiketi aja akukusocheretsani. Lamulo la maukwati la mu 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, wa chikhalidwe chathu wodzera mwa ankhoswe, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali, ndipo limati maukwati onsewa ndi ofanana mphamvu. Wanuwu ndi ukwati weniweni. Ankhoswe amene anaumanga mu 2016 aja ndiwo umboni wake, ndipo khoti la majisitireti limamva milandu ya maukwati otere tsiku ndi tsiku. Za loya nazonso si zoona. Kwa majisitireti munthu amaimirira yekha n'kufotokoza m'Chichewa chake chomwechi, ndipo amayi ambiri amene ndawaonapo akutuluka ndi chigamulo chowakomera analibe loya. Komabe chithandizo cha akatswiri chilipo chaulere, ndikuuzani komwe chili.

Tiyambe ndi ana, chifukwa katundu angadikire pang'ono koma temu ya sukulu ikadutsa yadutsa. Chiongo ndi ulemu umene akuchimuna amapereka popempha kuti mkazi akakhale kwawo. Ngakhale pa mwambo wathu wa Chichewa, sindinamvepo akuluakulu odziwa mwambo akunena kuti chiongo chimagula ana. Koma tingoyerekeza kuti unali ukwati wa malowolo monga amachitira abale athu a cha ku Nkhamenya kapena Angoni a ku Mchinji, khoti silikanayambira pamenepo. Malamulo aakulu a dziko lino komanso lamulo loteteza ana la mu 2010 amati poweruza nkhani ya mwana, chotsogola ndi ubwino wa mwanayo. Lamulo la mu 2010 limachita kutchula zimene woweruza ayang'ane: kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi mayi ake, maganizo a mwanayo, ubwino woti ana a bere limodzi asalekanitsidwe, ndiponso kuti chisamaliro chake chisamadukeduke. Taonani nokha mmene zimenezi zikugwirizanirana ndi nkhani yanu. Ana atatu agawidwa pawiri, wa zaka 5 ali kutali ndi mayi ake, ndipo wamkuluyo sukulu yayamba kumuvuta. Sindingakulonjezeni chigamulo, woweruza amamva mbali zonse ziwiri, koma mlandu wanu uli ndi miyendo.

Adzanena kuti inu mulibe chuma, mukudya kwa amayi anu, ndiye ana akadya chiyani. Mawu amenewa amafoola amayi ambiri mpaka kusiya mlandu. Musafooke nawo. Umphawi wa mayi pawokha si chifukwa chomulandira ana, pakuti khoti lomwelo likapereka ana kwa inu lili ndi mphamvu zolamula bambo awo kuti azipereka ndalama zowasamalira molingana ndi mapezedwe awo. Munthu amene ali ndi njinga yamoto, ngolo ndi mabelo opita ku okushoni sanganene kuti alibe.

Chimene ndikukupemphani n'chakuti musakatenge anawo mobera, kaya podikirira panjira ya kusukulu kaya potuma achimwene anu usiku. Ndikudziwa kuti mtima wa mayi umafika pamenepo. Koma zikatero mawa a kuchimuna nawo adzabwera kudzawalanda ku Santhe, ana n'kumangokokedwa uku ndi uku, ndipo kukhoti mudzaoneka ngati woyambitsa ndewu ndinu. M'malo mwake pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma pa Kasungu. Iwo ali ndi alangizi oteteza ana m'madera, amene angathe kukafika pakhomopo, kuona mmene anawo akukhalira, kucheza nawo paokha n'kulemba lipoti. Lipoti lotere woweruza amalilemekeza kuposa mawu a "ndikumva kuti". Aphunzitsi aakulu a pasukulupo nawonso ali ndi kaundula woitanira mayina m'mawa uliwonse, ndipo masiku amene mwana wajomba amaoneka poyera. Mukamva kuti anawo akumenyedwa kapena kugonetsedwa ndi njala, musadikire tsiku la mlandu. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena kanenani kupolisi ku ofesi ya Victim Support Unit.

Za ankhoswe ndinene mosamala, chifukwa ine ndimawalemekeza. Mabanja ambiri amene alipo lero anapulumukira pamphasa ya ankhoswe, ndipo woweruza naye adzakufunsani ngati munayamba mwadzera kumeneko. Inu munadzerako katatu, mwakwaniritsa mbali yanu. Vuto ndi loti ankhoswe mphamvu yawo ndi manyazi a munthu. Akakumana ndi munthu amene manyazi anamuthera, alibe chomugwirira. Sangamulande ng'ombe, sangamuitanitse ndi apolisi. K30,000 ija inalonjezedwa pakamwa, ndipo akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Lonjezo lomwelo likalembedwa m'chigamulo cha khoti n'kudindidwa, kulephera kulikwaniritsa kumasanduka kunyoza khoti. Choncho ankhoswe anu musawataye, koma ntchito yawo tsopano isinthe: apite nanu ngati mboni, akanene kuti ukwati unalipo, chiongo chinaperekedwa liti, anakumana kangati ndipo bambowo analonjeza chiyani.

Kayendedwe kake n'kotere. Mukafika pakhoti la majisitireti mufunse kalaliki wa milandu yosakhudza upandu, mumufotokozere dandaulo lanu, ndipo adzakulemberani chisamani choitanira bambowo pa tsiku limene khoti laika. Pamakhala kandalama kolipira potsegula mlandu. Ndalama iliyonse imene mwapereka, mulandire lisiti la boma. Wina akakukokerani kuseri n'kunena kuti mumupatse kenakake kuti fayilo iyende msanga kapena kuti akalankhule ndi bwana, mukane, ameneyo ndi wakuba. Musanapite kukhoti kapena tsiku lomwelo, kaonaneni ndi a Legal Aid Bureau. Limeneli ndi bungwe la boma lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 kuti lizithandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya, ndipo kupatula ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu lili ndi maofesi m'maboma ambiri. Kalaliki wa pakhoti kapena a ku ofesi ya DC adzakulozerani khomo lake. Adzakufunsani za mapezedwe anu. Amene ali ndi kangachepe amatha kupemphedwa kuthirapo pang'ono, koma munthu wa mmene mulili inumu asaope kuti abwezedwa chifukwa cha ndalama. Ntchito imawachulukira, maloya awo ndi ochepa poyerekeza ndi anthu ofuna thandizo, ndiye musangosiya dzina n'kukakhala kumudzi kudikira foni. Lembani nambala ya fayilo yanu ndi dzina la amene akukuthandizani, muzikumbutsa. Amatchalitchi ena ali ndi makomiti a chilungamo ndi mtendere, ndipo mabungwe a maloya achizimayi nawonso amathandiza pa milandu ya mabanja.

Ndimakhala pakhonde la khoti nthawi zambiri poperekeza amayi a mumpingo mwathu, ndipo chimene ndaona n'chakuti kulira sikupambanitsa mlandu ngati mmene amachitira mapepala. Mayi wina, wosapita patali ndi sukulu, anabwera ndi kope la ana a pulayimale atalikulunga m'pepala la shuga kuopa mvula. M'kopemo anali atalemba ndi pensulo chaka ndi chaka: mabelo angati, anagula chiyani, malata angati, kwa yani. Mwamuna wake atayamba kunena kuti zonse anagula yekha asanakwatire, mayiyo ankangotsegula tsamba n'kufunsa modekha kuti, kodi ng'ombe yakuda ija sitinagule chaka chimene mwana wachiwiri anabadwa? Bamboyo anasowa poyankha. Inunso khalani pansi ndi amayi anu mulembe zonse mukadakumbukira: katundu yense, chaka chogulira, wogulitsa, amene anawumba njerwa, mmisiri amene anakhoma denga. Tengani makabuku a kusikelo a ana, ziphaso zawo za kubadwa ngati zilipo, chiphaso chanu cha unzika, uthenga wa pafoni wa ndalama imene anatumiza kamodzi ija, ndi kabuku kanu ka kuchipatala ngati munapitako atakumenyani.

Pali funso limene simunalifunse koma kukhoti adzakufunsani: kodi ukwatiwu mukufuna uthe? Yankho lake ndi lanu, si la ine, si la ankhoswe. Dziwani chabe kuti mungathe kupempha ana ndi chithandizo chawo popanda kuthetsa banja. Dziwaninso kuti pa ukwati wa chikhalidwe, kutenga mkazi wachiwiri pakokha lamulo silikuletsa, limaletsa mitala kwa amene anamangitsa kwa DC. Koma kukumenyani ndi kukukhomerani kunja ndi nkhanza, ndipo lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la mu 2006 limapatsa khoti mphamvu zoletsa munthu kukuopsezani kapena kukuyandikirani, ngakhalenso zolamula kuti wochitiridwa nkhanza ndiye akhale m'nyumba. Kunena maganizo anga, nyumba imene ili pakati pa abale a mwamuna amene anaonerera zovala zanu zikuikidwa m'thumba la feteleza si malo amene ndingakulimbikitseni kubwererako lero. Mukasankha kuti banja lithe, khoti limafuna kukhutira kuti lasweka moti silingakonzekenso, ndipo nkhanza ndi kuthamangitsidwa ndi zina mwa zimene limayang'ana.

Likatha, pamabwera kugawa katundu, ndipo apa amayi athu amaluza kwambiri chifukwa cha mawu akuti "bola ana anga, zinazo atenge". Musanene mawu amenewo. Ana omwewo adzafuna pogona ndi fizi. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko limapatsa mayi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu wa banja ukwati ukatha, ndipo lamulo la mu 2015 limauza khoti kuti pogawa liwerengere zimene aliyense anathirapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Kuphika, kulera ana ndi kutunga madzi zimawerengedwa, nanji inu amene munasoka fodya ndi manja anu. Zoti layisensi ya fodya ndi akaunti ya kubanki zili m'dzina la bambo sizifafaniza thukuta lanu. Malo amene nyumba yakhalapo ndi a kwawo, amenewo simungawanyamule, koma mtengo wa nyumbayo ungawerengedwe inu n'kulandira gawo lanu. Komanso pa maukwati a mwambo wathu, makhoti akhala akulamula mwamuna kumangira mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo, kapena kupereka ndalama yokwanira nyumba, ngati sanamange ukwati ulipo. Mukapemphe zimenezi ndi pakamwa panu, chifukwa woweruza nthawi zambiri amagamula pa zimene zapemphedwa. Ndipo fulumirani. Munthu akangomva za chisamani, ng'ombe zimasamukira m'khola la achimwene ake, njinga yamoto n'kukhala ya mnzake. Auzeni a Legal Aid kapena woweruza pa tsiku loyamba kuti mukupempha lamulo loletsa kugulitsa kapena kusamutsa katundu mlandu usanathe.

Chigamulo chikaperekedwa, musachoke ndi mawu okha. Pemphani pepala lake lodinda, mulisunge pouma, ndipo likhale lotchula ndalama zingati, tsiku liti la mwezi, kudzera njira iti. Ndalama zodzera kukhoti kapena pafoni ndi zabwino chifukwa zimasiya umboni. Bambowo akadumphitsa miyezi, mubwerere kukhoti komweko ndi pepalalo, adzaitanidwanso, ndipo khoti lingathe kulamula kuti katundu wawo agwidwe. Chigamulo chikapanda kukukomerani pali apilo ku khoti lalikulu ku Lilongwe, koma nthawi yochitira apilo ndi yochepa, ndiye mufunse kalaliki tsiku lomwelo.

Azakhali,

Ine ndine bambo wa zaka 38, kalipentala pa tauni ya Kasungu. Banja langa linatha kukhoti mu 2022. Ana awiri anapatsidwa kwa mayi awo amene anabwerera kwawo cha ku Bua, ndipo ine anandilamula kupereka K40,000 pamwezi. Ndakhala ndikupereka. Koma ndikapita kukaona ana, amalume awo amandibweza panjira, ati mbumba ndi yawo ndipo ine ndinatha ntchito pamudzipo. Mayi awo anakwatiwanso, ndipo ndamva kuti ana akuuzidwa kuti bambo awo ndi mwamuna watsopanoyo. Ndinagula nsapato ndi mayunifolomu, anandibwezera ndi mwana wa kabaza. Panopa matabwa akwera mtengo, maoda achepa, ndalamayo ikundivuta. Anzanga akuti ndingosiya kupereka, poti akundimana ana ndipo pali mwamuna wina amene akudya ndalama zanga. Kodi ndikalakwa? Kapena malamulowa anapangira amayi okha?

Bambo wodandaula,
Kasungu

Bambo, mukalakwa, ndipo mudzapweteka ana anu ndi mlandu wanu womwe. Koma musanaganize kuti ndakutembenukirani, ndinene kuti zimene akukuchitani kumudziko ndi zoipa, ndipo lamulo lili kumbali yanu pa nkhani yoona ana.

Ndalama imene mumapereka ija si malipiro oonera ana, ndipo si ya mayi awo. Ndi ya ana, ya nsima yawo, sopo ndi makope. Mayi akakwatiwanso, udindo wanu pa ana amene munabereka sutha, umapitirira mpaka atakwanitsa zaka 18, ndipo ungapitirire ngati akadali pasukulu. Mukasiya lero, amene adzasumiridwe ndinu, ngongole ya miyezi yonse idzakutsatani, ndipo a kuchikazi adzapeza chonena: si uyu anasiya kuthandiza ana? Pakali pano inu ndi amene muli ndi manja oyera. Mwamvera khoti kuyambira 2022. Musataye chimenecho chifukwa cha malangizo a pabawo.

Bwererani kukhoti limene linagamula mlandu wanu, mutatenga chigamulo chija ndi umboni wa ndalama zonse zimene mwatumiza, kaya ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, kaya malisiti a kukhoti. Werengani bwino chigamulocho. Kawirikawiri pamangolembedwa kuti bambo ali ndi ufulu woona ana, osatchula liti komanso kuti, ndipo mpata umenewo ndi umene amalume amalowerapo. Kapempheni kuti khoti litchule masiku: Loweruka liti pamwezi, holide iti ana azibwera kwa inu, azikatengedwa pati ndipo ndani aziwaperekeza. Ngati kufika pamudzipo kumabutsa mkangano, malo otengerana ana angakhale kwa amfumu, kutchalitchi kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Amalume ndi eni mbumba, zimenezo sitikana, ndipo pa maliro, pa chinamwali kapena pa chinkhoswe cha anawo mawu awo adzamveka. Koma umwini mbumba supatsa munthu mphamvu zotsekereza kholo limene khoti lalilola kuona ana ake. Mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake onse awiri, ndipo zimenezi zili m'malamulo aakulu a dziko. Kuuza ana kuti bambo awo ndi wina pamene bambo wowabereka ali moyo ndipo akuwasamala ndi kuwasokoneza mitu, ndipo woweruza mukamuuze zimenezo.

Za kuchepa kwa maoda, njira yake ndi yomweyo. Chigamulo cha chithandizo chimatha kusinthidwa zinthu zikasintha, kukwera kapena kutsika. Pitani ndi buku lanu la maoda, muonetse mmene munkapezera mu 2022 ndi mmene mukupezera lero. Koma konzekani kumva kuti mbali inayo nayonso zinthu zakwera mtengo, K40,000 ya nthawi ija sigula zimene inkagula. Ngati nkhawa yanu ndi yoti ndalama sizikufika kwa ana, pemphani kuti gawo lina muzilipira nokha kusukulu kapena muzigula zinthu n'kusunga malisiti. Mpaka khoti litasintha, pitirizani kupereka zimene linalamula, ngakhale movutikira.

Malamulowa sanapangire amayi okha. A Legal Aid Bureau amathandiza abambo ndi amayi mofanana, amayang'ana mapezedwe a munthu. Kungoti abambo ambiri amachita manyazi kukhala pabenchi limodzi ndi amayi obereka ana kumbuyo, ndiye amakathera nkhani zawo kumowa. Inu mwalemba kalata, mwayamba bwino. Ndikupempheni chimodzi: tsiku limene mudzawatenge anawo, musadzawafunse mafunso a ukazitape za m'nyumba ya mayi awo, ndipo musadzanyoze bambo wowapezayo iwo akumva. Amakhala naye tsiku lililonse, ndipo mukawaika pakati adzayamba kuopa masiku obwera kwa inu.

Azakhali,

Ndili ndi zaka 26. Ndakhala ndi mwamuna m'nyumba ya lendi pa tauni pano zaka zisanu ndi chimodzi, tinangolowana, kwathu sanapiteko. Tili ndi mwana mmodzi ndipo ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Tsopano akuti ndichoke, sanandikwatire, ndipo mimbayi akuikana. Katundu wa m'nyumba tinagula tonse, ine ndimagulitsa kaunjika. Kodi kwa ine kulibe chilungamo poti kunalibe chinkhoswe?

Mtsikana wa pa tauni,
Kasungu

Mwana wanga, chilipo. Lamulo la mu 2015 limalola khoti kuzindikira ukwati wa anthu amene akhalira limodzi ngati banja kwa zaka zosachepera zisanu, ngakhale panalibe ankhoswe. Koma sizichitika zokha, ndi khoti limene limanena kuti apa panali ukwati, litaona umboni: munkagona nyumba imodzi, munkadalirana pa ndalama, munagula katundu limodzi, mukulera mwana limodzi, ndipo anthu ozungulira ankakudziwani ngati bambo ndi mayi a pakhomopo. Likatero, kugawa katundu kumayenda monga pa ukwati wina uliwonse. Uyambe lero kusonkhanitsa mboni, eni nyumba amene mumalipirako lendi, oyandikana nawo, a kubanki mkhonde ngati unatengako ngongole yogulira katundu wa m'nyumbamo. Jambula katunduyo pafoni asanayambe kutuluka mmodzimmodzi.

Za ana sizidalira n'komwe ngati panali ukwati. Bambo ndi bambo basi, ndipo mwana wobadwa popanda chinkhoswe ali ndi ufulu wofanana ndi wina aliyense. Mimba akuikanayo, khoti lili ndi mphamvu zogamula kuti bambo wa mwana ndani. Limamva mboni, limaona dzina limene linalembedwa m'kaundula wa kubadwa, lingathe kulamula kuti akapimidwe magazi, ndipo munthu akakana kupimidwa, kukanako kumawerengedwa ngati umboni. Akavomera kapena khoti likapeza kuti mimba ndi yake, ayenera kukusamala uli woyembekezera ndi kulipira zofunika pochira.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi choti ukuoneka kuti uli wekha. Ndikudziwa kuti ukuopa kuuza akwanu chifukwa adzati tinkanena. Alekeni anene, koma awuze. Pa miyezi isanu sufunika kukankhana ndi mwamuna pakhomo popanda m'bale pafupi. Akayamba kukuopseza kapena kukutulutsira katundu panja, pita ku Victim Support Unit tsiku lomwelo, ndipo khoti lingathe kulamula kuti ukhalebe m'nyumba ya lendiyo nkhani ili mkati. Uli pa tauni, khoti ndi a Legal Aid sali patali nawe. Upite sabata ino mimba isanakule, utatenga kabuku ka kusikelo ka mwana, kako ka kusikelo ya amayi oyembekezera, chiphaso cha unzika, ndi m'bale mmodzi wamkulu wokuperekeza.